Ndere za Pamwala ndi Maso a Mwana wa Sukulu

Chilumba cha Mbenji, m'dera la Mfumu Yaikulu Makanjira m'boma la Salima, nchotchuka chifukwa cha utaka. Kuyambira m'zaka za m'ma 1950 mafumu ndi asodzi a kumeneko akhala akusunga lamulo lakuti dzinja likafika, m'mwezi wa Disembala, aliyense achoke pachilumbapo kuti nsomba ziswane, kufikira mfumu idzatsegulenso usodzi m'mwezi wa Epulo. Nsomba za m'madzi amenewo zidakopanso akatswiri a sayansi, kotero kuti lero m'mabuku awo muli nsomba zotchedwa ndi dzina la chilumbachi. Mbuna ina idatchedwa Labidochromis mbenjii m'chaka cha 1982, ndipo mtundu wina wa utaka udatchedwa Copadichromis mbenjii m'chaka cha 1990.

Ife lero tifuna kukweza maso pang'ono, kuchoka m'madzimo kufika pa miyala ikuluikulu imene asodzi amapondapo potsika m'bwato. Miyala ya m'mbali mwa nyanja yathu, monganso ya m'mapiri ndi makungwa a mitengo yakale, ili ndi maŵanga otuŵa, achikasu, obiriŵira pang'ono ndi akuda. Ambiri a ife timawayesa litsiro kapena mtundu wa mwalawo, pamene ndi zamoyo zimene zimakula, kuberekana ndi kufa. Pa dziko lapansi pali anthu amene adathera moyo wao wonse pozifufuza ndi kuzitcha maina. Tikhulupirira kuti inu amene mukuphunzira zauphunzitsi muyenera kudziŵa ntchito ya anthu ameneŵa, popeza luso limene iwo adatsamirapo, luso loyang'anitsitsa chinthu modekha ndi kulemba zimene waona, ndilo likusoŵa kwambiri m'makalasi athu a sayansi, chikhalirecho kuliphunzitsa sikulira ndalama.

Kodi ndere za pamwala nchiyani?

Liu lakuti ndere m'chinenero chathu limasenza katundu wambiri. Timatchula nalo zobiriŵira zoterera za m'madzi, timatchula nalo tizomera tofeŵa tomera pa khoma lachinyontho, timatchulanso nalo maŵanga ouma aja a pamwala ndi pamtengo. Zitatuzi nzosiyana. M'nkhani ino tikamati ndere za pamwala tikunena zachitatuzi, ngakhale zitamera pa mtengo kapena pa nthaka.

Chodabwitsa chake nchakuti chimene timachiona ngati chomera chimodzi ndi zamoyo ziŵiri zokhalira pamodzi. Choyamba ndi mtundu wa boŵa, wachibale wa boŵa amene timadya, wokhala ndi timaulusi tosaoneka ndi maso. Chachiŵiri ndi tizomera tobiriŵira tating'onoting'ono, abale a ndere za m'madzi, kapena mabakiteriya ena otha kupanga chakudya ndi kuŵala kwa dzuŵa. Boŵa amamanga nyumba, amagwira mwala, amasunga chinyontho ndi kuteteza mnzake ku dzuŵa loopsa. Tobiriŵira tija timapanga chakudya chimene boŵa amadyako. Mizu zilibe, madzi ndi mchere zimalandira kuchokera ku mvula, mame ndi mpweya. M'chilimwe zimauma gwa nkukhala ngati zafa, koma mvula ikagwa zimatsitsimuka. Zomatirira pamwala zimakula pang'onopang'ono zedi, zambiri milimita imodzi kapena ziŵiri pa chaka, zina osafika ndi pomwepo. M'kupita kwa zaka zimafumbutsa mwala ndi kuthandiza kupanga dothi loyamba limene zomera zina zimadzamerapo. Akatswiri adalemba kale mitundu pafupifupi 20,000 pa dziko lonse. Ngakhale pepala la litimasi limene mumagwiritsa ntchito poyesa asidi, utoto wake umachokera ku ndere zoterezi.

Moyo wa munthu wotcha maina

Carl Linnaeus wa ku Sweden, amene adakhazikitsa njira yotchulira zomera ndi maina aŵiri m'chaka cha 1753, sadazilabadire kwenikweni ndere za pamwala, ndipo pafupifupi zonse adaziunjika m'fuko limodzi. Amene adaziŵeramira ndi wophunzira wake, Erik Acharius, wobadwa m'chaka cha 1757. Iyeyu adali dokotala wa anthu m'tauni yaing'ono ya Vadstena, ndipo za ndere ankachita akaŵeruka kwa odwala. Adazisiyanitsa, adazigaŵa m'mafuko, nalemba mitundu yoposa 3,000 m'mabuku ake, limodzi mwa iwo lotchedwa Lichenographia Universalis la m'chaka cha 1810. Adamwalira m'chaka cha 1819 asakudziŵa kuti chilichonse chimene adachitcha dzina chidali zamoyo ziŵiri.

Chinsinsi chimenecho adachiulula ndi Simon Schwendener wa ku Switzerland m'chaka cha 1867, atayang'anitsitsa ndi makina okulitsa tinthu. Akatswiri ambiri otchuka adamkana, ndipo wamkulu wa okanawo, William Nylander wa ku Finland, adafa m'chaka cha 1899 asadavomere. Komabe Nylander yemweyo ndiye adasonyeza m'chaka cha 1866 kuti madontho a mankhwala ena amasintha mtundu wa ndere, nathandiza kusiyanitsa mitundu yofanana maonekedwe. M'chaka chomwecho adalemba za ndere za m'munda wa Luxembourg mumzinda wa Paris, naonetsa kuti kuchuluka kapena kusoŵa kwake kumatiuza ngati mpweya uli wabwino kapena wautsi. Nkhaniyi njoyenera kuuza ana, kuti adziŵe kuti munthu wanzeru angathe kulondola pena ndi kuphonya pena. Ndipo kufufuzaku sikudathe ayi: m'chaka cha 2016 Toby Spribille ndi anzake adalengeza kuti m'khungu la ndere zambiri adapezamonso wachitatu, mtundu wa yisiti.

Amene adafika pafupi ndi kwathu kuno ndi mai wina wa ku Norway, Hildur Krog, amene adabadwa m'chaka cha 1922 namwalira m'chaka cha 2014. Digiri yake yaukachenjede adaipata m'chaka cha 1968 polemba za ndere za ku Alaska, dziko la chisanu, ali ndi zaka zoposa makumi anai. Pambuyo pake adagwira ntchito yosunga ndere m'nyumba ya zomera ya Yunivesite ya Oslo. Adagwirizana ndi Mngelezi wina, Douglas Swinscow, dokotala amene ankagwira ntchito yaukonzi pa magazini ya madokotala ya British Medical Journal, yemwenso adayambitsa bungwe la British Lichen Society m'chaka cha 1958. Aŵiriŵa adayendera nkhalango, zigwa ndi mapiri a ku Uganda, Kenya, Tanzania ndi Ethiopia kwa zaka zambiri, kutola ndere, kuziumika, kuziyerekeza ndi zimene ena adatola kale, ndi kutcha maina zimene zidali zisadalembedwe. Mapeto ake lidali buku la Macrolichens of East Africa la m'chaka cha 1988, lofotokoza mitundu yoposa 600. M'chaka cha 1992 Krog adalandira mendulo ya Acharius, ulemu waukulu pa ntchitoyi, ndipo m'chaka cha 2002 fuko lina la ndere lidatchedwa Krogia pomlemekeza.

Taonani zinthu ziŵiri pa mbiri imeneyi. Choyamba, palibe mmodzi wa anthu ameneŵa amene adafulumira. Acharius ndi Swinscow adali ndi ntchito zina zowadyetsa, ndipo Krog adafika pachimake atakula kale. Akuluakulu adati kuona maso a nkhono nkudekha. Chachiŵiri, buku la Krog ndi Swinscow lidalekezera ku Tanzania, pa malire athu a kumpoto. Miyala ya ku Mbenji, ya ku Senga, ya ku Dedza ndi ya ku Mulanje sidali m'gawo la ntchito yao. Wodzalemba buku lotere la dziko lathu, ngati adzakhale Mmalaŵi, lero ali pa mkeka kapena pa benchi m'kalasi imene mmodzi wa inu adzaphunzitse.

Kutcha dzina sikungotchula

Ana ambiri amaganiza kuti maina a sayansi ndi mau ovuta amene azungu adapeka kuti mayeso alimbe. Tiwafotokozere kuti dzina lililonse lili ndi zigawo ziŵiri, monga momwe munthu amakhalira ndi mfunda ndi dzina lakelake. Copadichromis ndiwo mfunda, mbenjii ndilo dzina. Tiwauzenso kuti dzina silivomerezedwa pokhapokha wotchayo atachita zinthu zingapo. Ayenera kusunga chitsanzo chouma m'nyumba yosungiramo zomera, kuti aliyense wokayika akachione yekha. Ayenera kulemba kumene adachitola, tsiku lake, ndi chimene chidamerapo. Ayenera kufotokoza m'mene chikusiyanirana ndi zinzake, nasindikiza mau akewo kuti akatswiri ena awaŵerenge ndi kuwatsutsa ngati nkoyenera. Kale kufotokozako kunkayenera kukhala m'Chilatini, koma kuyambira m'chaka cha 2012 Chingelezi chidaloledwanso. Pa ndere za pamwala, dzinalo limakhala la boŵa uja, mwini nyumba.

Dziko lathu lili ndi nyumba yotere ku Zomba, ya bungwe la National Herbarium and Botanic Gardens of Malawi, limene lidakhazikitsidwa ndi lamulo la Nyumba ya Malamulo m'chaka cha 1987. Mmodzi wa amene adalitsogolera, James Seyani, adasindikiza m'chaka cha 1991 buku lofotokoza mitengo ya fuko la Dombeya ya m'Africa muno. Choncho pasakhale mwana woganiza kuti ntchito imeneyi siingatheke ndi Mmalaŵi.

Koma tisaiŵale kuti zinthu zambiri zidali ndi maina kale asadafike olemba mabuku. Alexander Whyte adatola zitsanzo za mkungudza pa phiri la Mulanje m'chaka cha 1891, ndipo m'chaka cha 1894 mtengowo udatchedwa Widdringtonia whytei. Anthu okhala m'tsinde mwa phirilo ankaudziŵa mtengowo kalekale, pamodzi ndi ndere zotuŵa za fuko la Usnea zimene zimalendeŵera m'nthambi zake ngati ndevu. Msodzi wa ku Chikombe amasiyanitsa utaka, usipa, chambo, kampango ndi mcheni asadaloŵepo m'kalasi ya sayansi. Dzina la Chilatini limathandiza kuti wa ku Oslo ndi wa ku Zomba amvane. Dzina la kwathu limasunga zimene makolo adaona. Mphunzitsi wabwino amapatsa ana onse aŵiri, osanyoza limodzi.

Zimene tingachite ndi ana

Sitikunena kuti mutenge ana m'bwato kupita nao ku Mbenji. Chilumba chimenecho chili ndi eni ake ndi malamulo ake a amene angapondepo, ndipo nyanja si malo oseŵererapo. Mwala kapena mtengo wakale wa mango umene uli pafupi ndi sukulu yanu ukukwanira. Nazi zimene tiyesa kuti mphunzitsi aliyense angathe, kuyambira Sitandade 5 kupita m'tsogolo.

Poyamba, tulukani nao panja musadawauze kanthu. Agaŵeni m'magulu, gulu lililonse mwala wake kapena mtengo wake, ndipo muwafunse kuti aŵerenge mitundu ya maŵanga imene akuona ndi kuijambula. Adzaona okha kuti ena ngomatirira ngati utoto osatheka kuwamatula, ena ali ndi m'mphepete motukuka ngati masamba, ndipo ngati kwanuko nkwachinyontho adzapezanso olendeŵera ngati ulusi. Magulu atatu ameneŵa ndi omwewo amene akatswiri amayambirapo. Mwana amene wawapeza yekha sadzafunanso kuwaloŵeza.

Chachiŵiri, donthezani madzi pa ndere zouma zonga masamba, ana ayang'ane. Pa mitundu yambiri, posapita nthaŵi kutuŵa kuja kumasanduka kubiriŵira, chifukwa khungu la pamwamba likanyoŵa limaonetsa tobiriŵira tija tili mkati. Musafulumire kufotokoza. Afunseni chimene chachitika, alembe maganizo ao, kenaka muwauze za Schwendener ndi m'mene anzake adamkanira.

Chachitatu, aphunzitseni kulemba chizindikiro cha chitsanzo monga amachitira akatswiri: malo, tsiku, pamwala kapena pamtengo wanji, mbali yoomba dzuŵa kapena yamthunzi, ndi dzina la wotola. Gulu lililonse litole kachidutswa kamodzi kokha, makamaka ka pa nthambi yakugwa kale, nkukaika m'kaenvulopu kopinda ndi pepala lakale. Auzeni chifukwa chake: banga lalikulu ngati chikhatho lingakhale ndi zaka zoposa za mwana wolipalayo, ndipo kulipala nkwa kamphindi.

Chachinai, atumeni akafunse agogo ao, asing'anga a zitsamba ndi asodzi maina amene amatchulira zinthuzi ndi ntchito zake ngati zilipo. Zimene abweretsa zilembedwe m'buku la kalasi monga momwe zanenedwera, m'Chicheŵa, m'Chiyao kapena m'Chitonga, pamodzi ndi mudzi umene zachokera.

Chachisanu, ndipo ichi ndicho tichikonda koposa, sankhani banga limodzi lozungulira pa mwala wosasuntha. Ana ayese kutambalala kwake ndi rula, ajambule malire ake pa pepala la pulasitiki loonekera, alembe tsiku. Teremu imodzi sadzaona kusintha kulikonse. Buku lija lisungidwe muofesi ya mphunzitsi wamkulu, kalasi ya chaka chamaŵa idzayesenso, ndi yotsatira chimodzimodzi. Patapita zaka zisanu kapena khumi sukuluyo idzakhala ndi chiŵerengero chakechake cha kakulidwe ka ndere za pamalopo, cholembedwa ndi ana a m'mudzi momwemo. Pang'onopang'ono ndi mtolo.

Zimene ena adzanena

Tidziŵa kuti pali zotsutsa, ndipo sizopanda pake. Ena adzati silabasi njaitali ndipo mayeso a Sitandade 8 sadikira. Nzoona. Koma silabasi yomweyo imafuna kuti ana adziŵe kusiyanitsa zamoyo ndi zopanda moyo, kugaŵa zinthu m'magulu, kuyesa utali, ndi kufotokoza m'mene zamoyo zimadalirana. Phunziro limodzi la pamwala limagwira zonsezi. Chimene chimadya nthaŵi ndi kulemba ndondomeko pa bolodi, ana kukopera, kuloŵeza, nkuiŵala sabata yotsatira, mphunzitsi nkuyambanso.

Ena adzati ana ngochuluka, makamaka chiyambire maphunziro aulere a pulayimale m'chaka cha 1994, ndipo zipangizo palibe. Yankho lathu ndi lakuti kuchuluka kwa ana kumavuta kwambiri m'chipinda kusiyana ndi panja. Buku limodzi silingakwanire ana makumi asanu ndi atatu, koma miyala ndi mitengo imakwanira. Galasi lokulitsa zinthu likapezeka nchabwino, koma zonse zimene tatchula pamwambapa zitheka ndi maso, rula, pensulo ndi chikho cha madzi.

Chotsutsa chachikulu ndi ichi: ndere sizidyedwa, sizigulitsidwa, ndipo mwa ana chikwi mwina palibe ndi mmodzi yemwe amene adzakhale katswiri wa zomera. Nanga tivutikiranji? Tivomera kuti ambiri sadzatcha dzina chomera chilichonse. Koma onse adzafuna maso. Mlimi amene amaona msanga timabowo ta mbozi pa masamba a chimanga amapulumutsa munda wake. Namwino amene amaona kuti maso a mwana ayera amapulumutsa moyo. Lamulo la ku Mbenji lomwelo lidachokera kwa anthu amene adayang'anitsitsa nyanja zaka ndi zaka, nazindikira nyengo imene nsomba zimaswana, nalolera kudikira. Luso lao ndi la Hildur Krog ndi limodzi: kuona, kukumbukira, kuyerekeza chaka chino ndi chatha. Kusiyana kwake nkwakuti wina adalemba pa pepala, ena adasunga m'mutu ndi m'mwambo. Sukulu ikalephera kulumikiza ziŵirizi, mwana amatuluka akuganiza kuti sayansi imakhala m'buku la Chingelezi, ndipo zimene amadziŵa atate ake nzachabe. Kutaya kumeneko nkwakukulu kuposa kulephera funso limodzi pa mayeso.

Palinso china choyenera kuchinena poyera. Amene adatsogolera kudziŵika kwa ndere za kum'maŵa kwa Africa, limodzi ndi mnzake, adali mkazi. Potuluka panja, rula ndi pensulo zisangokhala m'manja mwa anyamata, atsikana nkumangotunga madzi odonthezera. Gulu lililonse lisinthane ntchito.

Tsono inu aphunzitsi a maŵa, pamene mukupita kukayesera kuphunzitsa, tsiku loyamba zungulirani bwalo la sukulu musadaloŵe m'kalasi. Pezani mwala kapena mtengo wokhala ndi maŵanga, muŵerame, muuyang'ane kwa mphindi zisanu zathunthu. Mudzaona kuti mphindi zisanu nzazitali, ndipo mudzaonamo zimene simudaziyembekeze. Mukatero mudzadziŵa chimene mukupempha kwa ana, ndipo mudzatha kukhala chete pamene iwo akuyang'ana. Lembani tsikulo pa tsamba loyamba la buku la kalasi, muyese banga lanu, ndipo pochoka pa sukulupo musiye bukulo m'manja mwa amene adzaloŵe m'malo mwanu.